Kudya ku gastropub: ndalama yanu imagula maola a wophika

Mayi wina wa kwathu amene anabwera ku England kudzagwira ntchito ya unamwino anandiimbira foni tsiku lina ali ndi nkhawa. Anzake a kuntchito anamuitana kukadya ku pub, ndipo iye, pokhala munthu wopemphera wosalawa mowa, ankaona ngati akumukokera ku bala. Nditamva dzina la malowo ndinamuuza kuti apite mtima uli m'malo, chifukwa akapezako agogo, makanda ali m'timipando tawo, mwinanso galu atagona pansi pa tebulo. Malo oterewa, pub (nyumba yomweramo mowa) yoika mtima pa chakudya chabwino, kuno amawatcha gastropub, ndipo ine ndaphika m'makhitchini ake kwa zaka zambiri.

Kale chakudya cha m'pub sichinali chonyaditsa. Munthu ankapita kukamwa, njala ikamugwira ankangotola mtedza, dzira loviika mu viniga, kapena buledi ndi tchizi. Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1989, pamene boma linalamula makampani akuluakulu ofulula mowa amene anali ndi ma pub oposa 2,000 kuti amasule theka la opitirira chiwerengerocho. Nyumba zambiri zinapezeka pamsika, ndipo ophika achinyamata amene analibe ndalama zotsegulira lesitilanti anapezerapo mwayi. Mu 1991 David Eyre ndi Mike Belben anatenga pub yotchedwa The Eagle, pa Farringdon Road ku Clerkenwell mu London. Mbaula anaiika kuseri kwa kauntala, pamene aliyense ankaona wophika akutembenuza nyama. Zakudya za tsikulo ankazilemba ndi choko pabolodi, mipando inali yosafanana, patebulo popanda nsalu. Dzina loti gastropub linayambira pamenepo. Eyre anakulira ku Mozambique, ndipo chakudya chimene chinatchukitsa malowo, sangweji ya nyama ya ng'ombe yotchedwa Bife Ana, chimaphikidwa mwa Chipwitikizi, nyama itagona mu vinyo, anyezi, adyo ndi tsabola.

Pa 1 July 2007 kusuta fodya m'nyumba zofikamo anthu kunaletsedwa mu England, ndipo utsi utatha mabanja anayamba kulowa ndi ana. Mu 2011 The Hand and Flowers ya Tom Kerridge ku Marlow inakhala pub yoyamba kulandira nyenyezi ziwiri za Michelin, ulemu umene umaperekedwa kwa malo ophika bwino kwambiri. Ku The Sportsman, m'mbali mwa nyanja ku Seasalter m'chigawo cha Kent, Stephen Harris anafika pophika mchere wake kuchokera m'madzi a m'nyanja ndi kupanga yekha batala.

Koma gastropub zambiri zilibe nyenyezi, ndipo mlendo akatsegula menyu amadabwa. Aona nsomba ndi tchipisi, soseji ndi mbatatesi yopota, payi ya nyama, tsaya la ng'ombe, mchira wa ng'ombe, chiwindi. Aona mtengo wa mapaundi 20 kapena kuposa pa mbale imodzi, ndiye afunsa kuti zinthu wamba ngati izi zikudulira chiyani. Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake lili m'khitchini dzulo lake.

Tengani tsaya la ng'ombe. Ndi mnofu umene ng'ombe imagwiritsa ntchito tsiku lonse pobzikula, choncho ndi wolimba, wodzaza mitsempha. Mukaukazinga msanga simungautafune. Timayamba taupsereza pamafuta otentha kuti ufiire, kenako timauika mumphika ndi anyezi, karoti ndi mowa wakuda, n'kuusiya mu uvuni pamoto wochepa maola anayi kapena kuposa. Mitsempha ija imasungunuka, nyama n'kufewa moti supuni yokha imaidula, msuzi n'kumamata milomo. Aliyense amene anadikirirapo mang'ina pambaula kuyambira m'mawa mpaka madzulo akudziwa kale zimene zimachitikazi. Ine zimandisangalatsa kuti zam'kati ndi ziwalo zimene Angerezi ambiri anali atazitaya, zimene ife sitinasiyepo kuzilemekeza, zinabwerera patebulo kudzera m'malo amenewa.

Msuzi wofiirira umene amati gravy ndiwo umaulula khitchini kuposa china chilichonse. Weniweni umachokera ku mafupa owotcha mu uvuni, owiritsidwa pang'onopang'ono usiku wonse, osefedwa, n'kuwiritsidwanso mpaka mphika waukulu utatsala pang'ono pansi. Wachinyengo ndi ufa wa m'paketi wothira madzi otentha. Woyambayo amanyezimira ndipo akazizira pambale amagwirana. Wachiwiriyo amangomveka mchere. Tchipisi nazo zili ndi nkhani yake. Njira imene wophika wina, Heston Blumenthal, anaitchukitsa, yophika katatu, inafalikira m'ma gastropub ambiri: mbatatesi imawiritsidwa mpaka itatsala pang'ono kuphwanyika, imaumitsidwa m'firiji, imakazingidwa pamafuta a madigiri 130, imazizitsidwanso, kenako imamalizidwa pa madigiri 180 inu mutaitanitsa. Timing'alu timene timabwera powiritsa paja ndi timene timagwira mafuta, kunja n'kukhala kokhukutika, m'kati mofewa.

N'chifukwa chake ndimalangiza anthu kuti ayambe awerenga kutalika kwa menyu. Khitchini ya pub imakhala yaing'ono, ya ophika atatu kapena anayi. Anthu amenewa angathe kuphika bwino mbale zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu. Mukaona menyu ya masamba anayi, pali pizza, pali curry, pali burger mitundu khumi, dziwani kuti zambiri zabwera pagalimoto zitaphikidwa kale ndipo zikungotenthetsedwa. Dzina loti gastropub silitetezedwa ndi lamulo lililonse, aliyense angalipachike pakhomo. Menyu yaifupi, yosintha ndi nyengo, yokhala ndi deti la lero pamwamba, ndiyo yodalirika. Woperekera zakudya akakuuzani kuti chakuti chatha, musakhumudwe, ndiye kuti anaphika chokwanira tsikulo basi.

Ku mbali ya zakumwa, chimene chimasiyanitsa pub ndi lesitilanti ndi mowa wa mumgolo wotchedwa cask ale, umene amaupopa ndi dzanja pa zigwiriro zazitali zimene mumaziona pakauntala. Alendo ambiri akaulawa amati wafunda ndiponso ulibe mpweya, n'kuganiza kuti wawonongeka. Ayi ndithu. Mowawu suphikidwanso kuti yisiti ife, ndipo sauthira mpweya wa m'botolo. Umafika uli wamoyo n'kumalizira kupsa m'chipinda chapansi pa nyumbayo, monga mmene masese amapitirizira kuwira atachoka kale kwa wofulula. Umasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13, chifukwa ukazizira kwambiri kukoma kwa chimera kumabisika. Mgolo wamba umakhala ndi mapainti 72, ndipo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu kapena apo, kupanda kutero umasasa. Pub imene ili ndi zigwiriro zitatu zoyenda bwino imaposa ya zigwiriro khumi zimene mowa wake ukugona. Bungwe la CAMRA lakhala likumenyera mowa umenewu kuyambira 1971, pamene makampani ankafuna kuusiya. Musachite manyazi kupempha kulawa pang'ono musanagule, ndi mwambo wovomerezeka. Mukapatsidwa wonunkha viniga, ubwezeni mwaulemu, adzakusinthirani.

Painti imodzi ndi mamililita 568, ndipo mungapemphe theka. Vinyo amathira 125, 175 kapena 250, kachasu wa m'botolo monga gin ndi whisky 25 kapena 35. Wosamwa mowa sasowa chogwira: pali madzi a maapulo, ginger beer, mowa wopanda ukali, khofi, ndipo madzi a pampopi lamulo limati apatsidwe kwaulere kwa kasitomala wowapempha. Mowa amagula ndi wa zaka 18 kupita m'mwamba, ngakhale wa zaka 16 kapena 17 amaloledwa kumwa mowa wa chimera (beer), vinyo kapena cider (mowa wa maapulo) pa chakudya ngati ali ndi wamkulu amene wamugulira.

Ngati mukufuna kupita kamodzi kokha, pitani Lamulungu masana. Tsikuli ndi la nyama yowotcha, Sunday roast: ya ng'ombe imabwera ndi horseradish, muzu wolasa m'mphuno, ya nkhosa ndi msuzi wa timbewu tonunkhira ta mint, ya nkhumba ndi phala la maapulo ndi chikopa chokhukutika. Pambali pamakhala mbatatesi yowotcha, ndiwo zamasamba, ndi Yorkshire pudding, chofufuma cha ufa, mazira ndi mkaka chimene chimathiridwa m'mafuta otentha kwambiri kuti chikwere ngati chisoti. Sungitsani tebulo masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo sankhani nthawi ya 12 koloko kapena 1 koloko, chifukwa nyama inawotchedwa m'mawa ndipo pofika 4 koloko yabwino imakhala itatha. Nyama ya ng'ombe kuno amaisiya yofiira pakati. Ngati mumaikonda yopsa kwambiri, monga ambiri a ife, nenani poitanitsa, mupemphe chidutswa cha kumapeto. Palibe wophika wanzeru amene angakusekeni.

Kaitanitsidwe kamasiyana. Malo ena mumapita nokha pakauntala, kutchula nambala ya tebulo ndi kulipiriratu. Ena amabwera kudzakufunsani muli pampando. Funsani polowa. Ngati pali chakudya chimene chimakuwengani, monga mtedza, mkaka kapena nkhanu, nenani, pakuti lamulo limawakakamiza kukuuzani za mitundu 14 ya zinthu zotere. Osadya nkhumba afunse ngakhale pa payi ndi tchipisi, chifukwa mafuta ake amabisala m'zinthu zosayembekezeka. Pabilu nthawi zambiri amawonjezera 12.5 peresenti ya operekera zakudya. Ngati palembedwa kuti ndi yakufuna kwanu mungaichotse, koma dziwani kuti kuyambira pa 1 October 2024 lamulo limati ndalama imeneyi yonse ipite kwa antchito, bwana asadulepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa pa ntchito yathuyi. Chakudya chitayamba kubweretsa ndalama, eni malo ena anadzaza nyumba yonse ndi matebulo osungitsa, mafoloko atayalidwa kale, moti bambo wa m'mudzimo amene wakhala akumwera painti yake pamenepo zaka 30 amalowa n'kusowa pokhala. M'midzi yambiri ya ku England sitolo ndi positi ofesi zinatsekedwa, pub ndi yokhayo yatsala yokumaniranamo anthu. Kumene ndimaphika tinasiya matebulo atatu oyandikira moto amene sasungitsidwa ndi aliyense, ngakhale Lamulungu anthu ataima pakhomo. Amakhalapo ndi amene wafika msanga, kaya waitanitsa tsaya la ng'ombe kaya theka la painti ndi nyuzipepala yake.