Anthu akasiya fodya, chipatala chiyendera ndalama ziti?

Funso ili anandiponyera ndi bambo ena akwathu ku Leeds, mzinda wa ku UK, tili panja pa mwambo wa chinkhoswe kukuzizira koopsa, iwo atatsamira khoma ndudu ili m'manja. Atamva kuti ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za zaumoyo anaseka nkuti "ndiye muzindithokoza achimwene, salale yanu ndimalipira ndine, tsiku lomwe ndidzasiye fodya NHS idzagwa." NHS ndi bungwe loyendetsa zipatala za boma ku UK. Amanena mocheza inde, koma nkhani yake si yoseketsa kwenikweni, maboma ambiri imawasowetsa tulo.

Pena pake bambowa akunena zoona. Ku UK paketi ya ndudu 20 imadutsa £15, ndipo pa ndalama imeneyo pafupifupi magawo anayi mwa asanu ndi msonkho. Cha m'ma 2020 boma limatolera pafupifupi £10 biliyoni pachaka pa msonkho wa fodya wokha, pano yatsika, siikufikanso £9 biliyoni. Pomwe ndalama zomwe NHS ku England imawononga pochiza matenda obwera ndi fodya zimawerengedwa kuti ndi cha m'ma £2 biliyoni kapena kuposerako pang'ono. Ukangoika manambala awiriwa pambalimbali, wosuta akuoneka ngati ndi amene akudyetsa mudzi.

Chodabwitsa nchakuti osuta akhala akuchepa kuyambira kalekale. Mu 1974 akuluakulu pafupifupi 45 mwa 100 alionse ku Britain amasuta, pofika 2023 anatsala pafupifupi 12. Nanga ndalama zinapirira bwanji zaka zonsezi? Boma limangokweza msonkho chaka ndi chaka kuposa mmene mitengo ya zinthu ikukwerera, ndipo fodya si tomato woti akadula umangomusiya pamsika, chibaba sichimva mtengo. Kafukufuku amaonetsa kuti m'maiko olemera mtengo ukakwera ndi 10 peresenti kugula kumangotsika ndi pafupifupi 4 peresenti, ndiye anthu ochepa amalipira zambiri, thumba limadzazabe. Koma masewerawa ali ndi polekezera, osuta akachepa kwambiri palibenso womufinya, ndipo ena amathawira ku ndudu zozembetsa zosalipira msonkho.

Pomwe bambo aja anaphonya ndi apa. Msonkho wa fodya ku UK sulembedwa kuti "iyi ndi ya chipatala", umangolowa m'thumba limodzi ndi misonkho ina yonse, ndipo sufika ngakhale 1 peresenti ya zonse zomwe boma limatolera. NHS ku England kokha imadya zoposa £160 biliyoni pachaka. Komanso munthu akasiya fodya £15 ija saikwirira pansi, agula nsapato za mwana, athira petulo, apita kokadya, ndipo zambiri mwa zimenezo zili ndi VAT ya 20 peresenti. Sizibweza zonse ayi, koma dzenje lake silikhala lakuya ngati mmene limaonekera. Nambala ya £2 biliyoni ija nayonso ndi yopapatiza, mulibemo malipiro a womusamalira munthu wa sitiroko kunyumba, mulibe masiku ojomba kuntchito, mulibe msonkho womwe bambo wa zaka 55 akanalipirabe akanakhala kuti mapapo sanamugoneke.

Chomwe chimatizunguza ife owerengera ndi nthawi. Munthu akasiya lero, msonkho wasiya lero lomwe. Koma phindu ku chipatala limabwera mwakachetechete, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka pakatha pafupifupi chaka, cha khansa ya m'mapapo chimafuna zaka ngati 10 kuti chifike theka. Nduna ya zachuma imakonza bajeti ya chaka chimodzi ndipo chisankho chili pakhomo, ndiye imaona dzenje, phindu adzakolola ndi wina.

Tsono pali mbali ina yomwe anthu a zaumoyo sitikonda kuitchula pagulu. Mu 1997 akatswiri a ku Netherlands anawerengera kuti anthu onse atasiya fodya, ndalama za chipatala zingatsike poyamba, koma pakatha zaka pafupifupi 15 zingayambe kuposa zakale, chifukwa anthuwo akhala moyo wautali nkudzadwala matenda a ukalamba. Masamu ake ndi oona, wosuta amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, ndiye salandira penshoni nthawi yaitali. Mu 2001 kunatuluka lipoti lomwe kampani ya fodya ya Philip Morris inalipira ku Czech Republic, lonena kuti boma limapindula ndi kusuta, ndipo mwa phindulo anawerengeramo ndalama za penshoni ndi za nyumba za okalamba zomwe zimapulumuka anthu akafa msanga. Dziko linakwiya, kampaniyo inapepesa. Ine maganizo anga ndi oti ngati imfa ya msanga tikuilemba mbali ya phindu, ndiye kuti chipatala chenichenicho ndi chotayitsa ndalama, titseke basi. Agogo kukhala zaka 10 zina akulera zidzukulu ndi chimene ndalama za zaumoyo zimagula.

Komwe kuli vuto lenileni ndi komwe anamangirira msonkho wa fodya ku ntchito inayake. Ku America mu 2009 anakweza msonkho wa boma lalikulu pa paketi kuchoka pa masenti 39 kufika $1.01 kuti alipirire inshuwalansi ya zaumoyo ya ana. Philippines mu 2012 inachita zofanana, ndalama zambiri zatsopano za msonkho wa fodya ndi mowa zinapita ku inshuwalansi ya anthu osauka, ndipo zinathandiza ndithu. Koma taganizani, chithandizo cha mwana chikudalira kuti amalume asasiye kusuta. Nkhuni zake ndi zonyeka zikutha. UK yayamba kale kusaka kwina, kuyambira Okutobala 2026 madzi a vape, ndudu zamagetsi zija, akhala ndi msonkho wake wa £2.20 pa 10ml.

Bambo aja ndinawauzanso kuti kwathu nkhani imatembenuka. Malawi sadalira kwambiri msonkho wa ndudu, ambiri osuta kumudzi amangopichira chingambwe chomwe MRA sichiona nkomwe. Ife timadalira tsamba, burley wopita ku okushoni ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, yemwe kwa zaka zambiri wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zochokera ku malonda. Mankhwala ambiri a m'zipatala zathu amagulidwa kunja ndi madola omwewo. Ndiye iwo akazimitsa ndudu ku Leeds, NHS singamve nkomwe, koma anthu mamiliyoni akazimitsa ku Ulaya ndi ku America, mlimi wa ku Kasungu ndi famase ya pachipatala cha boma ndi amene angamve kuwawa. Malawi inalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa fodya mu 2023, mochedwa kuposa maiko ambiri, ndipo soya ndi mtedza zikukwera koma sizinafike pa madola a burley.

Anandimvetsera mpaka ndudu inawatentha chala, nkuiponda, kenaka anafunsa ngati mankhwala osiyitsa fodya ku NHS ndi aulere.