Bering'i yakutsogolo ikamalira, girisi sangathandize

Mpaka pano anthu ambiri amakhulupirirabe zoti bering'i ya tayala lakutsogolo ikayamba kulira wuuu pamsewu, ungoithira girisi nkumangitsa nati kwambiri basi yatha nkhani. Maganizowa anachokera ku magalimoto akale ngati ma Hilux aja, bering'i zake zimatuluka, umazitsuka ndi palafini, kupaka girisi watsopano nkumanganso nati bwinobwino.

Koma ma Vitz, Corolla ndi Sienta adzadza m'misewumuwa ndi ena. Bering'i yake ndiyomata mbali zonse, girisi anaikiratu kufakitale ndipo palibe polowera wina. Ikamalira ndiye kuti timipira tachitsulo mkatimo tadya kale njira yake, chitsulo chadyeka sichibwerera olo mumange nati mpaka sipanala kupindika, mungowonjezera kutentha basi. Apa mankhwala ndikusintha.

Kuti mudziwe ngati ndi iyoyo, phokoso lake limakula ndi liwiro ndipo limasintha mukamakhota. Kwezani galimoto pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze, likamasewera pali vuto.

Ndipo chonde musalole makaniko aziilowetsa yatsopanoyo ndi hamala, kumenyako kumasiya timabowo mkati ndipo imayambanso kulira pasanapite nthawi. Imafunika pulesi, makina oilowetsa mokankha pang'onopang'ono. Bering'i zina zili ndi mbali ya maginito ya ABS (chida chothandiza kuti matayala asamangike mukaponda buleki mwamphamvu), mbaliyo iyang'ane kwa sensa, apo ayi nyali ya ABS iyaka pa dashibodi. Nati amange ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa mlingo womwe opanga galimotoyo analemba.