Chifukwa Chake Wales Sapezeka pa Mbendera ya Britain

Kwathu kuno aliyense wochokera ku Britain timangomuti "Mngerezi" kapena "mzungu wa ku Mangalande". Koma munthu wa ku Glasgow ku Scotland kapena wa ku Caernarfon ku Wales mukamutchula choncho, nkhope imagwa. Ngakhale amishoni amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anali a ku Scotland. Pazilumba zimenezi pali mitundu inayi, ya ku England, Scotland, Wales ndi Ireland, ndipo sinalowe m'nyumba imodzi mwa njira yofanana. Mbendera yawo yomwe ija ndi mboni.

Mbenderayo ili ndi mitanda itatu. Wofiira woongoka ndi wa England. Woyera wopingasa ndi wa Scotland, ndipo iwiriyi anaiphatikiza mu 1606, mfumu James ya ku Scotland italowanso ufumu wa England mu 1603. Nyumba za malamulo za maiko awiriwa zinadzakhala imodzi mu 1707, koma Scotland inasunga makhoti ake ndi mpingo wake. Wofiira wopingasa unabwera mu 1801 kuimira Ireland, dziko limene linataya anthu pafupifupi miliyoni imodzi pa njala yomwe inayamba mu 1845, ndipo mu 1922 maboma ake 26 mwa 32 anatuluka m'mgwirizanowo.

Nanga Wales ali pati? Palibe ngakhale kadontho. Pomwe mbenderayo inkasokedwa, Wales anali atamezedwa kalekale. Mfumu Edward I ya ku England inagonjetsa dzikolo, mtsogoleri wawo Llywelyn ap Gruffudd ataphedwa mu 1282, ndipo mu 1301 inapereka dzina lakuti Kalonga wa Wales kwa mwana wake. Mpaka lero dzinali limapita kwa wodzalowa ufumu ku London. Owain Glyndŵr anautsa nkhondo yofuna kumasula Wales mu 1400, koma sizinatheke. Kenaka malamulo a Henry VIII a 1535 ndi 1542 anasandutsa Wales kukhala mbali ya ufumu wa England, ndi kulamula kuti m'makhoti ndi m'maudindo a boma muzimveka Chingerezi chokha. Chowawa n'chakuti bambo ake a Henry yemweyo anabadwira ku Pembroke, m'dziko la Wales momwemo.

Chimene chinatsala m'manja mwa anthuwo ndi chilankhulo chawo cha Welsh, ndipo nkhondo yeniyeni inasamukira pamenepo. Baibulo limene William Morgan anamasulira mu 1588 linachisunga m'matchalitchi ndi m'makomo. Kusukulu kunali kwina. M'zaka za m'ma 1800, masukulu ena anali ndi kathabwa kolembedwa WN, kuimira "Welsh Not", kutanthauza kuti Welsh ayi. Mwana akamveka akulankhula chinenero cha amayi ake ankamuveka m'khosi, iye n'kumatchera khutu kuti agwire mnzake womupatsira. Wotsala nako poweruka ndiye ankalandira chilango. Aliyense amene anatchetchapo udzu kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa kapena Chitumbuka akudziwa mmene zimapwetekera, ndipo choipitsitsa n'chakuti ana amasanduka akazitape a anzawo.

Bala limene silinapolebe ndi la mudzi wa Capel Celyn, m'chigwa cha Tryweryn. Mzinda wa Liverpool, ku England, unkafuna madzi, ndipo mu 1957 Nyumba ya Malamulo ya ku London inavomereza kuti chigwacho chimizidwe. Mwa aphungu 36 a ku Wales, palibe ndi mmodzi yemwe anavotera lamulolo, koma linadutsabe. Nyumba, sukulu, kachisi ndi minda ya anthu olankhula chinenero chawo zinapita pansi pa madzi, damu n'kutsegulidwa mu 1965. Apa ndi pamene ambiri anaona kuti mawu awo ku London ndi opepuka ngati mankhusu. Chaka chotsatira, Gwynfor Evans anakhala phungu woyamba wa chipani cha Plaid Cymru, chomenyera ufulu wodzilamulira wa Wales.

Mu 1997 anthu a ku Wales anavotera nyumba yawoyawo ya malamulo, koma movutikira, ndi mavoti 50.3 pa 100 alionse. Inayamba ntchito ku Cardiff mu 1999. Khonsolo ya Liverpool inadzapepesa mu 2005, patatha zaka 40. Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 538,000 odziwa kulankhula chinenerocho. Pafupi ndi mudzi wa Llanrhystud pali chipupa chakale cholembedwa kuti "Cofiwch Dryweryn", kutanthauza kuti kumbukirani Tryweryn. Anthu achiwonongapo kangapo, ndipo nthawi zonse ena amabwera ndi penti n'kulembanso.