Mkungudza wa ku Mulanje subwerera wokha

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti mkungudza wa m'phiri la Mulanje sungathe, ati ukadula umaphukanso wokha. Ndatopa nazo.

Mtengowu mwachilengedwe umamera m'phiri limeneli lokha basi. Ukadulidwa, chitsa chake sichiphukira ngati cha bulugamu. Umadalira njere, ndipo timitengo take timapsa moto wolusa ukangodutsa. Kuti ukule n'kufika pocheka matabwa pamapita zaka makumimakumi. N'chifukwa chake phirili, ngakhale lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ladzala zitsa.

Mukakwera, yang'anitsitsani zitsa zakalezo ngati pali mphukira. Funsaninso alangizi a zankhalango, kapena agogo a ku Likhubula amene adaiona mitengoyi ili chilili. Zomwe simunatsimikize, chonde musamazitumize m'magulu a WhatsApp.