Fakitale ya poizoni sagumula ngati nyumba wamba

Nyumba wamba ikatha ntchito, kagumulidwe kake aliyense amakadziwa: mumasasula malata, kuzula mafelemu, kugwetsa zipupa, njerwa zabwinozabwino n'kuziunjika pambali kuti zikamangirenso kwina. N'chifukwa chake anthu akamaona fakitale yakale yangokhala zaka ndi zaka, kapena nyumba yomwe munkasungidwa mankhwala ophera tizilombo, amafunsa kuti bwanji osangobweretsa katapila n'kuthana nayo tsiku limodzi. Ife amene timagwira ntchito yoyeretsa malo oipitsidwa ndi mankhwala timaopa katapila ameneyo kuposa nyumbayo. Poizoni akadali m'chipupa amakhala pamalo amodzi. Chipupacho chikangogwa, amasanduka fumbi louluka ndi mphepo, matope okokoloka ndi mvula, ndi katundu wokwera pa lole kupita komwe palibe akudziwa.

Choyamba kumvetsa n'chakuti nyumba imamwa. Konkire, njerwa, pulasitala ndi matabwa zili ndi timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo mankhwala amene akhala akudonthera pansi kwa zaka makumi awiri amalowa m'timibowo timeneti. Zili ngati mphika wadothi umene wakhala ukuphikidwa nsomba: mungautsuke chotani, fungo lili m'dothi momwemo. Mafuta akale a m'mathiransifoma otchedwa PCB amalowerera m'simenti mpaka kufika pa dothi la pansi pake. Mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, amagawikana timadontho tating'onoting'ono n'kubisala m'ming'alu, ndipo kukatentha amatulutsa nthunzi yopanda fungo imene imawononga ubongo ndi impso. Malata a asibesitosi akakhala athunthu padenga savuta kwenikweni, koma mukawaphwanya amatulutsa timaulusi timene timakakhazikika m'mapapo, matenda ake n'kudzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Ndiye m'mapaipi, m'mathanki ndi m'ngalande za pansi pa nyumba mumatsalira zinthu zimene ngakhale mwini fakitaleyo anaziiwala kalekale.

Nkhani imene ndimakonda kufotokozera nayo ntchitoyi ndi ya ku Seveso, kumpoto kwa mzinda wa Milan ku Italy, chifukwa muli zonse ziwiri, zimene zinachitidwa bwino ndi zimene zinalakwika moopsa. Loweruka pa 10 Julaye 1976, thanki yophikira mankhwala pa fakitale ya ICMESA m'tawuni ya Meda inatentha mopitirira muyezo n'kulavulira m'mwamba mtambo wokhala ndi poizoni wa dioxin, wa mtundu wake woopsa kwambiri wotchedwa TCDD. Fakitaleyo inali ya kampani ya Givaudan, yomwe inali pansi pa Hoffmann-La Roche ya ku Switzerland. Mphepo inakankhira mtambowo ku Seveso ndi matawuni oyandikana nawo. Akalulu ndi nkhuku zinayamba kufa, ana anatuluka zilonda kumaso, komabe kusamutsa anthu kunayamba pa 26 Julaye, masabata awiri atadutsa kale. Anthu oposa 700 anachotsedwa m'dera loipitsidwa kwambiri, ndipo ziweto pafupifupi 80,000 zinaphedwa kuti poizoniyo asalowe m'zakudya.

Dioxin ndi wovuta pa zifukwa ziwiri. Sasungunuka m'madzi, choncho simungamutsuke ndi paipi, koma amamatirira ku dothi, ku fumbi ndi ku mafuta. Akalowa m'thupi la munthu amakhala m'mafuta a m'thupimo, ndipo pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lake lichoke. Chinthu chotere sungachigonjetse ndi changu.

Taonani tsono nthawi imene inadutsa. Ngozi inachitika mu 1976, koma zotsalira za m'thanki muja zinatulutsidwa mu 1982. Mbali ina ya kuchedwaku inali mikangano, chifukwa akuluakulu ankafuna kumanga ng'anjo yowotchera zinyalalazo pamalo pomwepo ndipo anthu a m'deralo anakana kwamtuwagalu. Koma ngakhale pakanapanda mkangano, ndondomeko ya ntchito yotere siyamba ndi kugwetsa. Imayamba ndi kufunsa. Timafufuza mapepala akale a fakitale, timakhala pansi ndi anthu amene ankagwiramo ntchito, chifukwa mkulu amene ankasesa m'menemo amadziwa pakona pomwe ankakhuthulira zotsalira kuposa mapulani a mainjiniya. Kenako timaboola pansi ndi m'zipupa n'kutulutsa timizati ta konkire tonga chitsononkho, timapukuta zitsulo ndi tinsalu tapadera, timakumba dothi pa kuya kosiyanasiyana, zonsezo n'kupita ku labotale. Zotsatira zake ndi zimene zimatiuza kuti chipinda ichi n'choyera, ichi chaipa pamwamba pokha, ichi chaipa mpaka pa maziko. Kuyeza n'kodula, ndipo ndi pamene eni malo ambiri amafuna kudumpha. Koma wodumpha kuyeza amadzalipira kawiri, chifukwa akasakaniza njerwa zoyera ndi zoipa pa mulu umodzi, mulu wonsewo wasanduka zinyalala zoopsa.

Mapu osonyeza poyera ndi poipa akapezeka, nyumbayo timaivula kuyambira m'kati, denga ndi zipupa zikadali chiimire kuti zititchingire mphepo ndi mvula. Mazenera ndi zitseko zimamatidwa ndi mapulasitiki, ndipo makina amakoka mpweya wa m'katimo kudzera m'masefa, kuti ngati pali pobooka mpweya uzilowa m'malo motuluka. Mathanki ndi mapaipi amakhuthulidwa, n'kudulidwa ndi zida zosatulutsa moto. Izi n'zofunika kwambiri, popeza kudula ndi moto chitsulo chimene chili ndi mankhwala a chlorine kungathe kupanga dioxin amene panalibe. Pamwamba pa konkire pamapalidwa mpaka kufika poyera. Wantchito amalowa pakhomo limodzi atavala ovololo yotaya ikagwira ntchito kamodzi, magolovesi awiriawiri, jombo ndi masiki ya sefa yoyenerana ndi mankhwalawo, ndipo potuluka amadutsa m'chipinda chovulira, kenako m'bafa, asanakhudze zovala zake za kunyumba. Kansalu kakumaso kamene tinazolowera nthawi ya Covid sikatchinga nthunzi ya mankhwala ngakhale pang'ono. Ndipo ovololo ya kuntchito yotere isapite kunyumba kukachapidwa, chifukwa amene amachapayo ndi mwana amene wam'bereka kumbuyo ndi amene amalandira fumbilo.

Zonsezi zikatha m'pamene katapila amabwera, ndipo amagwetsa pang'onopang'ono, wina akuwaza madzi kuti fumbi lisauluke. Madzi amenewonso saloledwa kuthawira m'ngalande, amakololedwa n'kuyeretsedwa. Matayala a lole iliyonse amatsukidwa isanatuluke pageti.

Ku Seveso anagumula nyumba za m'dera loipitsidwa kwambiri, anapala dothi lapamwamba, anagwetsanso fakitaleyo. Zonsezo, pamodzi ndi zida zimene anagwiritsa ntchito, anazikwirira m'maenje awiri akuluakulu oyalidwa dongo ndi pulasitiki yokhuthala, lina ku Seveso lolowa makyubiki mita pafupifupi 200,000, lina ku Meda la pafupifupi 80,000. Pamwamba anathira dothi lochokera kwina n'kudzala nkhalango yotchedwa Bosco delle Querce, ndipo lero anthu amakapitidwako mphepo. Koma dioxin uja sanathe, ali pansi pomwepo. Madzi otsikira m'maenjemo akuyezedwabe mpaka pano, ndipo pamene panabwera mapulani odutsitsa msewu waukulu wa Pedemontana m'derali, nkhawa ya anthu inali yakuti kukumba kudzutsa dothi lakale lija. Kukwirira ndi njira yovomerezeka, koma ndi ngongole imene zidzukulu zimapitiriza kubweza.

Chimene chinalakwika chinachitikira kunja kwa geti, ndipo ndi gawo limene ndimafuna aliyense alidziwe. Zotsalira za m'thanki, zomwe zinali zoopsa kuposa zonse, zinalongedwa mosamala m'migolo 41. Ntchito yokazitaya inaperekedwa kwa kampani ya Mannesmann Italiana, iyonso inapatsirako ena. Pa 10 Seputembala 1982 migoloyo inanyamuka pa lole n'kuwoloka malire kulowa m'dziko la France. Mu Disembala panatuluka chikalata cholumbirira chakuti yatayidwa movomerezeka. Koma atolankhani atayamba kufunsa kuti yatayidwa kuti, panalibe wotha kuloza. Kwa miyezi ingapo mayiko a ku Ulaya anali pa kalikiliki kusaka migolo ya dioxin, mpaka pa 19 Meyi 1983 pamene inapezeka m'nyumba yakale yophera nyama m'mudzi wa Anguilcourt-le-Sart, kumpoto kwa France. Inadzawotchedwa mu mzinda wa Basel ku Switzerland mu 1985, m'ng'anjo yapadera. Moto wa mtundu umenewu si wa padzala: malamulo a ku Ulaya amafuna kuti utsi wa zinyalala zoopsa zokhala ndi chlorine wambiri ufike madigiri 1,100 kwa masekondi osachepera awiri, apo ayi ng'anjoyo imangopanga dioxin wina.

Anthu anavala zodzitetezera, anagwira ntchito yoopsa mwaluso, koma zonsezo zinatsala pang'ono kupita pachabe chifukwa cha pepala limodzi limene palibe analitsatira. Mkwiyo wa nkhani imeneyi ndi umodzi mwa zinthu zimene zinathandiza kuti mu 1989 mayiko apangane Pangano la Basel loyang'anira kadutsidwe ka zinyalala zoopsa m'malire, ndipo mayiko a mu Africa anawonjezera lawo la Bamako mu 1991, loletsa kubweretsa zinyalala zotere kuno. Ine ndikapatsidwa ntchito yoyang'anira, sindikhutira ndi lisiti ya kontirakitala yonena kuti katundu wachoka. Ndimafuna kuona kulemera kwa lole potuluka, kulemera kwake pofika, dzina la malo olandira, ndi chikalata chochokera kwa wolandirayo mwini wake.

Kwathu kuno geti limeneli ndi lotseguka kwambiri, osati chifukwa cha uchitsiru, koma chifukwa chakuti chilichonse chotuluka m'nyumba yogumulidwa chili ndi msika. Mgolo umakhala wotungira madzi kapena wofululira mowa. Chigubu chimasunga mafuta ophikira. Zidutswa za njerwa zimakakwirira maenje a mumsewu kapena kuthiridwa pa maziko a nyumba ya munthu. Ogula zitsulo amafika ndi wilibala kontirakitala asanafike n'komwe, ndipo aganyu amagwetsa chipupa ndi hamala, kumapazi atavala patapata. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma anthu anapitiriza kufukula pa mulu wa zotsalira zake kufuna choti agulitse, ndipo ana a m'makomboni oyandikira akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi. Munthu wosowa ndalama sungamuletse ndi chikwangwani chokha. N'chifukwa chake mpanda, mlonda, ndi kuboola mgolo uliwonse kuti usathenso kusunga madzi, ndimaziwerenga ngati ntchito yeniyeni yoyeretsa, osati zongowonjezera.

Ngati pafupi ndi kwanu akufuna kugumula fakitale, shedi ya mankhwala a mbewu, kapena malo osungira mathiransifoma akale, muli ndi ufulu wofunsa musanamve kulira kwa katapila. Funsani kuti munkasungidwa chiyani, ndani anayeza, ndipo zogumukazo zikupita kuti. Ku Malawi, bungwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, ndi limene limayang'anira zinyalala zoopsa, pomwe za mankhwala ophera tizilombo zili m'manja mwa Pesticides Control Board. Ku Zambia n'kwa ZEMA, bungwe la boma loona zachilengedwe. Ngati muli ndi chitsime kapena mjigo kumunsi kwa malowo, pemphani kuti madzi ake ayezedwe ntchito isanayambe ndiponso ikatha, chifukwa popanda muyezo woyambawo simudzakhala ndi umboni wosonyeza kuti madzi anu asintha.