Chosindikizidwa pa makina a 3D chimathyokera pomwe pulasitiki inazizira msanga

Tengani kachipangizo kapulasitiki kosindikizidwa pa makina a 3D, kaya ndi chogwirira kabati kapena kogwirira payipi kukhoma, mukapinde mpaka kathyoke. Mudzaona kuti sikathyoka paliponse. Kamang'ambika motsata mizere yopingasa ija, ngati chikuni chomwe mwachiwaza ndi nkhwangwa motsata ulusi wake. Mizere imeneyo ndi malire a maleya, timiyalo topyapyala ta pulasitiki tomwe makina amasanjikiza, ndipo kulimba kwa malirewo kumadalira kutentha.

Makina a filamenti (ulusi wa pulasitiki wokulungidwa), omwe njira yake anaiyambitsa Scott Crump kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amasungunula pulasitiki n'kumaiyala leya pamwamba pa inzake. Kuti ziwirizi zigwirane zenizeni, leya yatsopano iyenera kufewetsanso pamwamba pa yakale kuti tinthu ta pulasitiki tilowerane mbali zonse. Pulasitiki iliyonse ili ndi mlingo womwe imayamba kufewa: PLA pafupifupi madigiri 60, PETG pafupifupi 80, ABS pafupifupi 105. Malirewo akazizira kutsika pamenepo, kulowerana kwatha. Nthawi yake ndi yochepa kwambiri, choncho ntchito yanu ndi kuitalikitsa.

Poyambira ndi nozzle, kamlomo kotentha kotulutsira pulasitiki. Pa chikulungo cha PLA nthawi zambiri pamalembedwa madigiri 190 mpaka 220. Ambiri amasankha 200 chifukwa chinthu chimatuluka chosalala, chopanda tiulusi tolendewera. Ngati chinthucho chidzanyamula katundu, kwerani ku 215 kapena 220. PETG ipatseni 240 mpaka 250. Tiulusi timachoka ndi mpeni, koma leya yosagwirana palibe mankhwala ake. Ambiri amasindikiza kansanja koyesera kutentha, kagawo kalikonse ndi madigiri ake, n'kusankha kagawo kooneka bwino. Musangokayang'ana. Kathyoleni ndi pulayala kagawo ndi kagawo, muone komwe kakukana. Chenjezo limodzi: makina otchipa ngati Ender 3 yakale ali ndi kachubu kodutsamo filamenti ka pulasitiki yotchedwa PTFE kofika mpaka ku nozzle, ndipo kachubuka kamayamba kuwonongeka mukamapitirira madigiri 240 kwa nthawi yaitali.

Nambala yomwe mukuiona pa sikirini ndi ya chitsulo chotenthetsera, si ya pulasitiki. Mukathamangitsa makina, filamenti imadutsa isanatenthe mokwanira. Werengani motere: leya yokhuthala 0.2 mm, mzere wotambalala 0.45 mm, liwiro la 100 mm pa sekondi, zikupereka 9 mm³ pa sekondi. Hotend (mbali yosungunulira filamenti) wamba ya nozzle ya 0.4 mm imayamba kulephera pafupifupi pa 10 mpaka 12. Mukafika pamenepo mudzamva giya yokankha filamenti ikugogoda, ndipo chinthucho chimatuluka chosawala komanso chofooka. Chepetsani liwiro kapena onjezerani madigiri 5 mpaka 10.

Tsopano fani yopepesera chinthu chomwe chikusindikizidwa, mdani wamkulu wa kulimba yemwe anthu samuganizira. Mapulogalamu okonzera mafayilo ngati Cura amaika fani ya PLA pa 100% chifukwa imathandiza ngodya kukhala zakuthwa ndi mbali zolendewera kuti zisagwe. Koma mphepo yomweyo ndi imene imaziziritsa leya yakale isanalandire yatsopano. Pa chinthu chogwira ntchito, itsitseni kufika 30 mpaka 50%, muisiye yamphamvu pokhapokha pomwe pulasitiki ikudutsa pamalo opanda chochirikiza. PETG imakhutira ndi fani yochepa choncho, pomwe ABS imafuna fani yozima kapena yongopuma pang'ono. Leya yoyamba fani izime ndithu. Zinthu zing'onozing'ono zimatembenuza lamuloli: kamtengo kochepa ngati pensulo, leya imatha m'masekondi awiri ndipo yotsatira imagwera pa phala, zonse n'kupindika. Ikani nthawi yochepetsetsa ya leya pa masekondi 8 mpaka 10, kapena sindikizani tiwiri nthawi imodzi kuti kena kazipuma.

Nyengo ya Lusaka imalowereranso. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo makina omwe ali m'garaja kapena pafupi ndi windo amapumira mphepo imeneyo usiku wonse. Zotsatira zake ndi ngodya zonyamuka pa bedi (pomwe makina amayalapo leya yoyamba) ndi ming'alu pakati pa chinthu chachitali. Pulasitiki ikamazizira imakwinyika; pamwamba pakakwinyika pansi pakadali potentha, chinachake chiyenera kugonja. Bedi ikhale 55 mpaka 60 pa PLA, 70 mpaka 85 pa PETG, pafupifupi 100 pa ABS, ndipo makina muwavundikire. Bokosi la plywood loti kalipentala wa ku Kalingalinga angakupangireni limakwanira, bola bokosi la magetsi a makinawo likhale kunja kapena lizipeza mpweya.

Okutobala akafika, chotsani chitseko cha bokosilo ngati mukusindikiza PLA. Mkati mukatentha kwambiri, kutentha kumakwera m'khosi mwa hotend, filamenti imafewera pamwamba pomwe siyenera kufewa, imatupa n'kutseka njira. Chizindikiro chake: makina amayamba bwino, pakatha ola limodzi akungoyenda m'malere osatulutsa kanthu. Yang'ananinso kafani kakang'ono koziziritsa khosilo, chifukwa fumbi la chilimwe limakatseka msanga. Ndipo chilichonse chokakhala m'galimoto yoimikidwa padzuwa musachipange ndi PLA. Padashibodi pamapitirira madigiri 60 mosavuta. Gwiritsani PETG kapena pulasitiki ina yotchedwa ASA.

Magetsi akazima pakati pa ntchito, makina ambiri amatha kupitiriza pomwe anasiyira. Kupitiriza kumatheka, koma leya yotsatira imagwera pa pulasitiki yozizira kotheratu, ndipo pamenepo ndi pomwe chidzathyokere. Ngati ndi chokongoletsera, pitirizani. Ngati ndi chogwirira shelefu, yambiraninso.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, filamenti imamwa chinyezi, makamaka PETG ndi nayiloni. Mukamva kuthetheka pa nozzle, amenewo ndi madzi akusanduka nthunzi n'kusiya timabowo m'mzere. Umitsani PLA pa madigiri 45 kwa maola 4 mpaka 6, PETG pa 65, kenako musunge m'chidebe chotsekeka ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi. Uvuni wa kukhitchini ngwosadalirika pa madigiri otsika chonchi. Umatha kudumpha n'kumatiriza chikulungo chonse, ndiye ikanimo thermometer musanayese.

Ngakhale mutachita zonsezi, malire a maleya amakhalabe ofookerapo kuposa mzere weniweniwo. Kolowekera chikwama kukhoma musakasindikize kali chilili; kagonekeni chammbali pa bedi kuti mizere iyende motsata kupindika kwake, ndipo m'malo modzaza mkati 100%, ikani makoma (mizere yozungulira kunja) anayi kapena asanu.