Kugula famu pofuna kupulumutsa nsomba

Munthu akamva kuti anthu oteteza nsomba agula famu, amadabwa. Bwanji ndalamazo osagulira maboti olondera asodzi? Ife amene timagwira ntchito ya nsomba timayankha ndi nkhani ya mtsinje wa Nisqually, m'chigawo cha Washington ku America, umene umachokera pa phiri la Rainier n'kukathira m'madzi a mchere a Puget Sound.

Nsomba ya kumeneko yotchedwa salmon imakhala ngati mpasa wathu, ngakhale kuti si pachibale. Imakulira kunyanja, koma nthawi yoswana ikakwana imakwera mtsinje, monga mpasa umachitira mu Bua. Yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira pa timiyala ta pansi pa madzi, kuikira mazira, n'kukwirira. Mazirawo amapuma mpweya wa m'madzi amene amadutsa m'mipata ya timiyalato. Wina akagwetsa nkhalango kumtunda kapena kulima mpaka m'mphepete mwenimweni, mvula imakokolola dothi, matope amatseka mipata ija, mazira n'kufera pomwepo popanda woona. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje imachititsanso mthunzi, pakuti salmon imafuna madzi ozizira. Ngakhale mtengo umene wagwera m'madzi uli ndi ntchito: madzi akamauzungulira amakumba dziwe, tiana ta nsomba n'kupeza pobisala.

Koma malo amene ndimawadandaula kwambiri ndi matsiriro a mtsinje, chifukwa anthu amawayesa dambo lachabechabe. Kamwana ka salmon kobadwira m'madzi opanda mchere sikangalowe m'nyanja tsiku limodzi. Thupi lake limayenera kuzolowera mchere pang'onopang'ono. Mtundu wa salmon wotchedwa Chinook umatha milungu ingapo m'timifuleni ta m'dambo la kumatsiriro, kumene madzi a mtsinje ndi a nyanja amasakanikirana, ukudya tizilombo ndi kunenepa. Kakalowa m'nyanja kali kokulirapo, mwayi wake wopulumuka kwa adani umakulanso.

Ku Nisqually dambo limeneli linatsekedwa cha m'ma 1904, pamene munthu wina dzina lake Alson Brown anamanga khoma la dothi lotalika makilomita pafupifupi 8 kuti apeze malo a ulimi. Kwa zaka zoposa 100 madzi a nyanja sankalowamo. Boma linasandutsa malowa kukhala otetezedwa mu 1974, koma khoma linatsala. Mu 1999 Chinook ya ku Puget Sound inalembedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, ndipo mu 2009 khoma lija linagumulidwa, maekala 762 n'kubwerera kwa madzi. Panali chotaya, ndisabise: dambo la madzi opanda mchere limene mbalame zinazolowera linachepa, moti anamanga khoma lina m'kati kuti ateteze gawo lotsalalo.

Eni ake enieni a nkhondo yopulumutsa salmon ndi anthu a mtundu wa Nisqually, amene ankakhala kumeneko azungu asanafike. Mtsogoleri wawo Billy Frank Jr. anamangidwa maulendo oposa 50 chifukwa chosodza mu mtsinje wa makolo ake, mpaka mu 1974 woweruza George Boldt anagamula kuti mitundu imene inachita mapangano ndi boma ili ndi ufulu wa theka la nsomba zololedwa kugwira. Komabe theka la nsomba zimene zikutha n'chiyani? N'chifukwa chake mtunduwu unagula famu ya tsidya lina la matsiriro n'kuibwezeranso kwa madzi. Malo otetezedwa aja lero amatchedwa ndi dzina la Frank, amene anamwalira mu 2014.

Kumtunda, bungwe la Nisqually Land Trust, lomwe linayamba mu 1989, limagula malo a m'mbali mwa mtsinje kwa eni ake ofuna kugulitsa. Mu kamtsinje ka Ohop, kamene alimi akale anakawongola kukhala ngalande, anakumba njira yatsopano yokhotakhota kuti madzi aziyenda pang'onopang'ono, n'kubzala mitengo yambirimbiri m'mbali mwake. Mitengoyo itenga zaka makumi angapo kuti mthunzi wake uphimbe madzi.